Kope la Ngongole

Ndimadzuka nyali za mumsewu zisanazime,
kuyatsa uvuni, kukanda ufa ndi manja a nyamakazi,
ndipo ikamati sikisi koloko, Vale de Mós yense
walowa kale m'bekale yanga ndi madandaulo ake
ngati matope a kunsi kwa nsapato.

Woyamba ndi Aníbal, amene analuka mabulangete zaka makumi atatu
mpaka tsiku lomwe anapeza loko pa geti la fakitale.
Akuti, mwaiona nkhosa yamkuwa ija aimika pa raundabauti?
Zenizeni tinagulitsa, ubweya ukuola m'matumba,
koma iyi, yosalira, yopanda mano,
yadya denga lonse la sukulu.

Dona Ermelinda salola.
Iye anavotera meya chifukwa anabwera pamaliro a mwamuna wake
n'kuima pachisanu chipewa chili m'manja.
Wotere sangabe, akutero,
ndipo ndani wa inu anapondako ku msonkhano wa khonsolo?
Amauika Lachiwiri masana, Aníbal akuyankha,
a pantchito ali kuntchito,
ife osowa ntchito tili pamzere ku Guarda, mapepala kukhwapa.
Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ine chete. Ndikupereka chenji.

Polisi anaisamutsa chaka chomwe mapiri anayaka.
Tsopano ili kutsidya, makhota makumi anayi kuchokera pano.
Usiku womwe anathyola shedi ya Fausto
n'kunyamula mafuta a maolivi a chaka chonse,
anaimba foni mwezi uli pamutu;
galimoto inafika iye atamwa kale khofi wachiwiri.
Anyamata awiri a kugombe, ndevu zongoyamba kumene.
Analemba bwinobwino, anapepesa,
ndipo potuluka anamulipiritsa chindapusa
chifukwa cha nyali yakufa ya thirakitala.

Kuyambira pamenepo Fausto ali ndi akuba akeake:
anyamata a ku Nepal odzathyola mphesa,
ogona khumi ndi awiri m'nyumba ya zipinda ziwiri
ya mlamu wa khansala.
Akuti kale tinkagona zitseko zili pululu.
Eya, Fausto, tinkagona choncho,
pakuti munalibe cha kuba
ndipo ana athu anali asanapite ku Luxembourg.

Ine ndilibe chipani. Ndili ndi kope
lachikuto chobiriwira, lonona ndi batala m'mphepete.
Limadziwa tsiku lomwe penshoni imatha,
limadziwa nyumba yomwe inasiya kugula makeke
n'kuyamba kufunsa buledi wa dzulo, ati ngwa nkhuku,
pomwe khola linagwa kalekale.
Dzina la Bishal mulibemo.
Amawerenga makobidi ake pakauntala, limodzilimodzi,
ndipo akaperewera amabweza buledi m'basiketi, n'kumwetulira.
La Fausto lilimo kanayi.

Banki inatseka, inatisiyira makina pakhoma
amene amadwala Loweruka lililonse.
Basi imabwera kamodzi, ngati dokotala.
Ufa wakwera, magetsi akwera,
msonkho wa mipando iwiri ndimaika pakhonde wakweranso,
ndipo mwana wanga pafoni akuti,
amayi, tsekani, mukudyetsa tauni yakufa.

Mwina. Koma zisankho zayandikira.
Dzulo akwirira dzenje la pakhomo panga,
phula lake lopyapyala ngati shuga wa pa keke,
ndipo meya anabwera ndi wojambula
kudzagwira buledi wanga ngati khanda la ubatizo.
Analipira, ndisaname. Anasiyanso chenji.

Madzulo, ndikupukuta mashelefu,
wapolisi mmodzi wa aja analowa, wamfupi uja, Telmo.
Anavula chipewa, anayang'ana kumsewu kawiri,
kenako motsitsa mawu:
Dona Lucinda, malipiro achedwa, lendi yandimaliza,
kodi mungandilembe mpaka pa wani?

Ndinanyambita chala, ndinatsegula kope.
Tsamba linali litatsala mzere umodzi,
pansi penipeni pa dzina la Fausto.
Ndinamulemba pomwepo.
Aziyandikana kamodzi, ngakhale papepala.